Aneba akuwonjezera nyumba? Saveya wa kalata ija musathamangire kumusainira

Kuno ku England kuli kamchitidwe kena kamene kamandinyansa kwabasi. Neba wanu akangopereka pulani ku khonsolo yoti akufuna kuwonjezera nyumba yake kumbuyo, pulaniyo imaikidwa pa webusaiti poti aliyense atha kuiona, nde pali timakampani tina ta masaveya (anthu oyeza ndi kuunika nyumba) timene ntchito yake ndi kungokhala pa webusaitipo kumatola maadiresi a nyumba zoyandikana. Inu musanamve n'komwe kuchokera kwa mwini wakeyo, makalata ayamba kale kugwera pa chitseko. Ifenso zinatipeza, aneba athu amene tinagawana nawo khoma atafuna kukulitsa khitchini.

Makalata ake amafanana ngati anawalemba munthu mmodzi. Pamwamba kachizindikiro kooneka ngati ka boma pomwe si ka boma, kenako mawu oopseza, ati nyumba yanu ili pachiopsezo, khoma litha kung'aluka, maziko atha kutitimira, ati lamulo likukupatsani ufulu wokhala ndi saveya wanuwanu ndipo simulipira olo peni imodzi. Kumapeto kafomu kosaina ndi envulopu yobwezera. Chopweteka n'choti zambiri mwa zimenezi si bodza lenileni ayi, ufuluwo ulipodi, ndipo nthawi zambiri wolipira amakhaladi amene akumangayo. Chomwe salemba ndi zilembo zikuluzikulu n'chakuti kafomu kaja ndi komulembera munthuyo ntchito, ndipo lamulo limati saveya mukamusankha molemba simungamuchotsenso. Olo asamayankhe foni mwachangu, olo muone kuti mutu wake sukuyenda bwino, simungangomuuza kuti bambo basi pitani. Atha kusiya yekha ponena kuti sangathenso kugwira ntchitoyo, koma inu mphamvu yomuthamangitsa mulibe. Nde tangoganizani kusainira munthu amene simunamuonepo nkhope, pa nkhani yokhudza nyumba imene mukuilipirira mogeji zaka 25.

Lamulo lake ndi Party Wall etc. Act 1996 (party wall ndiye khoma logawana ndi neba), linayamba kugwira ntchito pa 1 July 1997, ndipo ndi la England ndi Wales kokha. Abale a ku Scotland ndi ku Northern Ireland zimenezi sizikukukhudzani, kwanuko zimayenda mwina. Kale malamulo otere anali a mkati mwa London basi, ndi chifukwa chake mpaka pano masaveya odziwa kwambiri nkhaniyi mumawapeza ochuluka kumeneko. Lamuloli limalowa neba akafuna kugwira khoma limene munagawana, monga kulibowola kuti alowetsemo chitsulo chonyamula denga kapena kulikweza, apo ayenera kukupatsani notisi yolemba miyezi iwiri ntchito isanayambe. Limalowanso akafuna kumanga khoma latsopano pamalire penipeni, ndiponso akafuna kukumba maziko pafupi ndi nyumba yanu, izi notisi yake ndi ya mwezi umodzi. Zokumbazi ndi zimene zimakola anthu ambiri owonjezera nyumba. Ngati akukumba mkati mwa mamita 3 kuchokera pa nyumba yanu ndipo dzenje lake lizama kuposa maziko anu, notisi ikufunika. Palinso muyezo wa mamita 6 wa zokumba zakuya kwambiri, umene amauwerengera ndi mzere wotsika madigiri 45 kuchokera pansi pa maziko anu. Nyumba zambiri zakale kuno maziko ake ndi osazama, pomwe omanga a masiku ano amakumba mozama, ndiye nthawi zambiri zimangolowa m'lamulomo.

Notisi ikabwera muli ndi masiku 14. Mutha kuvomera molemba, kapena kukana. Pa nkhani ya khoma logawana ndi ya zokumba, mukangokhala chete lamulo limatenga ngati pabuka mkangano, olo inu simunakangane ndi aliyense, mwangoiwala kalata pansi pa mabilu. Akakukumbutsani n'kudutsanso masiku 10 musanasankhe saveya, nebayo atha kukusankhirani. Nde kukhala chete si nzeru. Komanso mawu oti kukana asakuopseni, sikuti mwayamba udani, kungoti mukufuna zinthu zilembedwe ndi munthu wodziwa. Kuvomeranso sikuti mwataya ufulu wonse, akakuwonongerani khoma ayenerabe kukonza kapena kukulipirani.

Tsopano apa mpamene pali nkhani. Lamuloli likamati saveya likutanthauza munthu wina aliyense amene sali mbali ya nkhaniyo. Basi. Silinena za sukulu, silinena za satifiketi, silinena za bungwe. Inu eni ake simungadziimire nokha, nebanso sangadziimire, koma munthu amene dzulo amagulitsa mawindo lero atha kusindikiza khadi n'kulembapo kuti party wall surveyor, palibe womugwira. Ine nditamva zimenezi ndinadabwa, dziko lokonda mapepala chonchi eti. Ndiye ntchito yosefa ili m'manja mwanu.

Poyambira posavuta ndi RICS, Royal Institution of Chartered Surveyors. Munthu akalemba MRICS kapena FRICS kumapeto kwa dzina lake musangokhulupirira khadi, lowani pa webusaiti yawo mulembe dzinalo muone ngati alipodi. Kampani imene ili pansi pa ulamuliro wa RICS imayenera kukhala ndi inshulansi yolipirira zolakwa za pantchito komanso njira yolembedwa yolandirira madandaulo, kutanthauza kuti zikavuta pali kokadandaula. Koma RICS ndi yaikulu, muli anthu oyeza mitengo ya nyumba, owerengera ndalama za zomanga, a minda, ndiye zilembo zokhazo sizikutanthauza kuti munthuyo nkhani za khoma logawana amazidziwa. Palinso Faculty of Party Wall Surveyors ndi Pyramus & Thisbe Society, awa ndi magulu a anthu ogwira ntchito yomweyi. Kukhala membala ndi chizindikiro chabwino, koma kwa ine zonsezi ndi zongokuthandizani kupeza anthu oti muwaimbire foni. Kusankha kwenikweni kumachitika pa fonipo.

Ndipo pa foni chinthu chimene ine ndimatchera khutu ndi chimodzi: kodi munthuyu akundilonjeza chiyani. Wina mwa amene ndinalankhula nawo anayamba ndi mawu okoma kwambiri, ati musadandaule ife tikumenyerani nkhondo, aneba anuwo tiwapanikiza, sapuma. Zimamveka bwino m'khutu makamaka ukakhala kuti wakwiya kale poganiza za fumbi ndi phokoso zimene zikubwera. Koma munthu wolankhula chonchi kaya sadziwa ntchito yake kaya akukunamizani dala. Saveya wa lamuloli si loya wanu. Olo munamusankha ndinu, udindo wake ndi kuthetsa nkhaniyo mosakondera motsatira lamulo. Zili ngati ankhoswe, kuchimuna ali ndi wawo kuchikazi ali ndi wawo, koma nkhoswe yolongosoka sibwera kudzapambanitsa mbali yake, ikaona kuti m'bale wake ndi amene akulakwa imamuuza pamaso. Amene tinadzamusankha uja mawu ake oyamba anali ondigwetsa ulesi. Anati bambo, ndikuuzirenitu, ntchito ya aneba anuyi ine sindingaiimitse, ali ndi ufulu womanga, chimene ndingachite ndi kuonetsetsa kuti akumanga mosaononga nyumba yanu, ndipo ikaonongeka pakhale umboni. Ndinangoti uyu ndi ameneyu.

Mafunso ena ndi wamba koma amavundukula zambiri. Mufunseni ngati adzabwere yekha kudzaona nyumba kapena adzatuma mnyamata wa kamera amene inu simunalankhule naye. Mufunseni ofesi yake ili kuti, chifukwa wina amakhala kutali maola ambiri pagalimoto, nyumba za dera lanu sazidziwa, dothi lake salidziwa, pomwe dothi la makande monga la mbali zambiri za London limafufuma ndi kunyala malinga ndi nyengo ndipo limavutitsa maziko mosiyana ndi la mchenga. Mufunseni za inshulansi, wolongosoka sakwiya, amangokutumizirani pepala. Muuzeni ntchito imene aneba akufuna kuchita mumve ngati akufunsa mafunso obweza, monga nyumba yanu inamangidwa liti, akumba mozama bwanji, mapulani a injiniya mwawaona, mapaipi a zonyansa akudutsa pati. Amene sakufunsa chilichonse koma akungoti sainani lero lero, ameneyo akuona bilu yake basi. Ndipo ngati notisi yeniyeni yochokera kwa neba isanabwere n'komwe iye akukukakamizani kale kusaina, dziwani kuti palibe chothamangira, masiku 14 aja amayamba kuwerengedwa notisi ikafika, osati kalata yake yotsatsa malonda.

Za ndalama tinenepo pang'ono poti mpamene anthu amapusitsidwa. N'zoona kuti nthawi zambiri womanga ndi amene amalipira masaveya onse, wake ndi wanu yemwe. Koma lamulo limanena za ndalama zoyenera, osati chilichonse chimene munthu walota. Masaveya a mbali ya woyandikana ambiri amalipiritsa pa ola, nde wadyera amangochulukitsa maimelo, mafunso opanda mutu, maulendo osafunika, podziwa kuti bilu ikupita kwa neba. Inu mutha kumati si zanga, si ndalama zanga. Koma choyamba, nebayo mukhala naye zaka, muzikumana potulutsa mabini, ndipo adzadziwa kuti amene anamudyera masuku pamutu anabwera naye ndinu. Chachiwiri, werengani bwino pepala limene mukusainalo, ena amabisamo kachiganizo koti ndalama zimene neba sadzalipira mudzalipira ndinu. Funsani mosapita m'mbali kuti bambo, pali njira ina iliyonse imene bilu yanu ingadzagwere pa ine? Ayankhe molemba. Komanso inu mukamamutuma zinthu zosakhudzana ndi ntchitoyo kapena kukokera nkhani dala, si zachilendo kuti gawo la ndalamazo likugwereni.

Pali funso limene anzanga amandifunsa kawirikawiri, loti kodi kungovomera saveya wa neba kuti aimire tonse awiri n'kulakwa? Lamulo limalola, amati agreed surveyor, munthu mmodzi wa mbali zonse. Zimachepetsa ndalama ndi nthawi, ndipo pa ntchito yaing'ono ngati kakhitchini kopanda nyumba yapamwamba, aneba ake omvana, ine sindiona vuto bola munthuyo mwamufufuza nokha ngati mmene mukanafufuzira wanu. Chondikayikitsa ndi pamene saveyayo ndi yemwenso anajambula pulani ya nyumbayo, kapena ndi wa kampani imene ikumangayo. Lamulo silimuletsa, koma munthu angadzudzule bwanji pulani yake yomwe? Palinso kusiyana kumodzi kumene anthu sakudziwa. Masaveya akakhala awiri amayenera kusankhiratu wachitatu, ndipo inu kapena neba kapena saveya aliyense mwa awiriwo atha kukadandaula kwa wachitatuyo zinthu zikapanda kuyenda. Akakhala mmodzi, wachitatu palibe, mukapanda kukhutira njira ndi ya ku county court, khoti loweruza mikangano ya pakati pa anthu, basi. Ndiye ngati aneba akukumba chipinda chapansi pa nthaka, kapena akulowetsa zitsulo zikuluzikulu m'khoma, kapena nyumba yanu ili kale ndi ming'alu yokayikitsa, ine ndinganene kuti khalani ndi wanu.

Tsiku limene ndinaona kusiyana kwa munthu wodziwa ndi wongoyerekeza ndi limene saveya wathu uja anabwera kudzalemba mmene nyumba ilili ntchito isanayambe, chimene amati schedule of condition. Lamulo silikakamiza kuti chichitike koma saveya wanzeru sachidumpha. Mkuluyu anavula nsapato pakhomo, n'kutulutsa tochi masana dzuwa likuswa mtengo, ine n'kumadabwa. Anaigoneka tochiyo chammbali pa khoma la pabalaza, kuwala kukuyenda motsatira pulasitala, ndipo timing'alu tonga tsitsi timene ine sindinkationa tinangoti mbee. Anali ndi kakhadi kapulasitiki kokhala ndi timizere tonenepa mosiyanasiyana, amakaika pa mng'alu kuyeza kukula kwake, kujambula chithunzi, n'kumalankhula mu foni kuti mng'alu wochokera pa ngodya ya chitseko kukwera kudenga, wotalika chakuti. Anatsegula ndi kutseka windo lililonse la mbali imeneyo kuona ngati likugwira, anagogoda matailosi a ku bafa ndi chala kumvera ngati ena akulira ngati mulibe kanthu mkati, panja anagwada kuona njerwa za m'munsi ndi simenti ya pakhonde. Mayi a kunyumba anafika pofunsa chapansipansi kuti kodi akufuna kutigula nyumbayi.

Poyamba zimaoneka ngati akukuulula, poti akulemba zilema zonse za nyumba yanu. Koma n'zimene zimakutetezani. Mawa khoma likang'aluka omanga adzati unalipo kale mng'aluwo, inu mudzati ayi, ndiye popanda zithunzi zokhala ndi deti mudzangokhalira kulozana zala. Zimatetezanso neba kuti inu musadzamukakamize kukonza zimene zinaonongeka kalekale. Ngati saveya wanu walowa n'kutuluka tiyi asanazizire, atajambula tizithunzi tochepa ali chiimire pakati pa chipinda, dandaulani nthawi yomweyo, ndipo pemphani kope la lipotilo muliwerenge, muone ngati chipinda chilichonse choyandikana ndi ntchito chalembedwa.

Masaveya akamaliza kuunika zonsezi amatulutsa chikalata chotchedwa award. Mmenemo mumalembedwa ntchito imene yaloledwa, mmene aigwirire, maola ogwirira ntchito zokhudza khomalo, mmene atetezere mbali yanu, zoti achite akaononga, ndi woti alipire masaveya. Muwerenge tsiku lomwelo, chifukwa ngati muli ndi chotsutsa muli ndi masiku 14 okha okachita apilo ku county court, akadutsa basi chagwira mbali zonse, ndipo za kukhoti si zopitako mwachibwana poti mukaluza ndalama zake ndi zowawa. Saveya wabwino amakufotokozerani zimene zikubwera chikalatacho chisanasainidwe, kuti musadzidzimuke. Mwachitsanzo anthu ambiri sadziwa kuti omanga atha kukhala ndi ufulu wolowa pabwalo panu kuti agwire ntchito imene lamuloli lalola, atakupatsani notisi ya masiku 14. Ena sadziwanso kuti mutha kupempha kuti neba asungitse ndalama ya chikole ntchito isanayambe, kuopa kuti angakumbe dzenje pafupi ndi maziko anu kenako ndalama n'kumuthera ntchito ili pakati. Komanso maziko a konkire wokhala ndi zitsulo mkati sangawalowetse pansi pa malo anu popanda inu kuvomera molemba. Izi munthu wodziwa amakutchulirani yekha musanafunse.

Zimene sangakuchitireni nazonso muzidziwe kuti musamuda chabe. Ngati dandaulo lanu ndi loti nyumbayo ikutchingirani dzuwa, ndi yaitali, windo lake likuyang'ana kuchipinda kwanu, imeneyo ndi nkhani ya ku khonsolo, kumene nthawi zambiri amapereka masiku 21 oti anthu anenepo maganizo awo pa pulani. Zowonjezera zina zazing'ono sizifunanso n'komwe chilolezo cha pulani, koma notisi ya khoma imafunikabe ngati ntchitoyo ikugwera m'lamulo lija, ziwirizi n'zosiyana, ndipo neba akakuuzani kuti khonsolo yavomereza kale ndiye palibe chosaina, akusakaniza nkhani. Za malire nazo, kuti mpanda uli pamalo pake kapena analowa kwanu, award sigamula zimenezo. Mzere wofiira wa pa mapu a Land Registry, ofesi ya boma yolemba eni malo, umangosonyeza malire mongoyerekeza, suyeza mpaka pa sentimita, ndiye mkangano wa malire umafuna saveya wa malire, mwinanso loya, ndipo bilu yake musayembekezere kuti ipita kwa neba.

Ambiri a ife kuno timachita lendi. Ngati pangano lanu la nyumba ndi la chaka chimodzi kapena kuchepera, lamuloli silikuwerengani ngati mwini, notisi imapita kwa alandilodi, ndipo kusankha saveya ndi kwawo. Kalata ikafika pa adiresi yanu musaitaye komanso musasaine, atumizireni msanga. Koma fumbi ndi phokoso zikhala zanu, nde ndi bwino kuwapempha akuuzeni zimene zalembedwa pa nkhani ya maola ndi kulowa pabwalo. Amene munagula fulati pa lease yaitali, pangano la zaka zambiri, ndinu eni ake pa lamuloli, notisi yanu iyenera kubwera payokha.

Nanga neba akangoyamba kukumba osapereka notisi? Apa mpamene ena a makalata aja amanamizanso anthu kuti tisainireni tikakukonzerani. Mu 2023 khoti la apilo, Court of Appeal, linagamula kuti ngati womanga sanapereke notisi, njira ya masaveya ya m'lamuloli siigwira ntchito, saveya wanu sangangotulutsa award payekha n'kumutumizira neba bilu. Chotsala ndi kupita kukhoti kukapempha chiletso kapena chipukuta misozi, zomwe ndi za loya ndipo ndalama zimayamba kutuluka m'thumba mwanu. N'chifukwa chake mukangomva mphekesera yoti aneba akufuna kumanga, kapena mwaona anthu akuyeza kumbuyo ndi tepi, gogodani pakhomo mucheze nawo zisanafike patali. Ambiri sachita dala, sadziwa chabe, womanga wawo anawauza kuti zimenezo n'zotaya nthawi. Pa webusaiti ya boma ya GOV.UK pali kabuku kaulere kofotokoza lamuloli, kali ndi zitsanzo za makalata a notisi zoti atha kungodzaza okha, atumizireni linki. Ndipo madzulo omwewo tengani foni mujambule makoma anu onse a mbali imeneyo, mkati ndi kunja, pafupi ndi patali, mudzitumizire pa imelo kuti deti ioneke.